Velo pa Mng'oma

"Chimene mwavala kumutucho n'chiyani?" anakuwa mayiyo ali pakhomo la kuseri.

Mwamuna wake anali ataweramira mng'oma wa njuchi umene anagula atangopuma pantchito. Kunkhope kwake kunali velo yoyera, yodulidwa n'kusokereredwa kuchipewa.

"Musakuwe amayi, njuchi zimadana ndi phokoso."

"Ndisakuwe? Velo yanga ya ukwati imeneyo! Zaka makumi atatu ndikuisunga m'sutikesi kuti mwana wathu adzavale, inu n'kuidula ndi sizasi chifukwa cha tizilombo?"

"Neti ya udzudzu ija ndinaipeza yobooka."

"Kubooka kuli m'mutu mwanumo!"

Mayiyo anathamangira komweko, dzanja lili m'mwamba kuti aitsomphole. Mwendo wake unagunda mng'oma, ndipo njuchi zinatuluka ngati utsi wakuda.

Bamboyo anavula chipewacho, n'kumuveka mkazi wake, n'kutsitsa velo mpaka m'mapewa. Kenako anamukankhira kunyumba, njuchi zikumuluma iye kumaso ndi m'khosi.

M'khitchini, mayiyo anayamba kuzula mbola pankhope yotupa ya mwamuna wake imodziimodzi, akulalatabe. Chipewa chija anali asanavule.

"Ndiponso mwasoka mokhota," anatero.