Chimene Damitu Anafumbata

Makina okololera anali atafika kale m'mbali mwa munda, injini ikulira, koma palibe akanawalola kulowa Obbo Hirpa, bambo mwini mundawo, asanalume njere. Pabanja limeneli, kuno kudera la Arsi, zinkayenda choncho chaka ndi chaka. Mkuluyo ankathyola ngala ya tirigu, n'kuifikisa m'manja, n'kuponya njere imodzi mkamwa. Ikasweka pakati, ankailavulira padzanja, n'kuonetsa ana ake, kenako ankakweza mkono kuitana makina. Ikafewa n'kumata m'mano, makinawo ankabwerera, kaya mwini wake atukwane chotani. Tirigu wokololedwa wamuwisi amachita nkhungu m'nkhokwe, ndipo kwa Hirpa zimenezo zinali zisanachitikepo.

Galane, mwana wawo wamkazi, sankayang'ana tirigu m'mawa umenewo. Maso ake anali pa mlamu wake, Damitu.

Chifukwa anali nacho. Bambo ake analumbira pamaso pa akuluakulu a fuko kuti tsiku limene dzino lawo lidzalephere kuweruza tirigu, munda wonse, kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje, adzausiya m'manja mwa Bedaso, mwana wawo woyamba. Ndipo Bedaso sanali munthu wobisa mawu. Galane anathawa ku ukwati ndi ana awiri komanso mkono wothyoka, koma mchimwene wakeyo ankati ng'ombe za malowolo zinadyedwa kalekale, choncho akadzangotenga munda, mlongo wake adzabwerera kwa mwamuna wake tsiku lomwelo. Chotchinga chinali chimodzi basi, nkhalamba imeneyi.

Tsono Damitu, mkazi wa Bedaso, anayamba chikondi chachilendo pa apongozi ake chiyambireni mvula. Munthu amene mwamwambo satchula n'komwe dzina lawo, lero ankakhala nawo pafupi, akunong'ona. Chakudya chawo ankaphika yekha, kuseri, phala la barele tsiku ndi tsiku. Tirigu wokazinga yemwe mkuluyo ankakonda kutafuna pomwa khofi anasowa pambale. Madala anaonda. Anachepetsa zolankhula, ndipo ankangokhala atadziphimba kukamwa ndi nsalu yawo yoyera ngakhale dzuwa litakwiya.

Galane sanafunikire woombeza. Mkazi amene mwamuna wake akudikira munda saphikira apongozi phala chifukwa cha chifundo. Mumakhala kanthu m'phalamo. Anachita mantha, ndipo mantha ake anali a bambo ake ndi a iye mwini, pamodzi.

Sabata yonse yapitayo ankamuona Damitu akulowa m'munda yekhayekha mame akauma, akuwerama, akumanga kanthu pansonga ya mpango. Atamuuza Bedaso, iye anangoseka.

"Nsanje idzakupha iwe, mlongo wanga. Nthawi imeneyi bwenzi ukulongedza katundu."

Tsopano onse anali atasonkhana, ana, azukulu ndi aganyu atanyamula matumba opanda kanthu. Mitambo inali itayamba kuda cha kumapiri a Bale, ndipo woyendetsa makina ankangoloza kumwamba. Minda ina inkamudikira.

Obbo Hirpa anayenda pang'onopang'ono kulowa m'tirigu, yemwe ankawafika m'chiuno. Amene anawagwira mkono anali Damitu yemweyo. Galane anawatsatira kumbuyo, ndipo anaona chimene ena onse sanaone. Dzanja lamanja la Damitu linali lofumbata, ndipo silinatambasuke ngakhale pamene mphepo inamuvula mpango.

Mkuluyo anathyola ngala, anaifikisa, anauzira mankhusu. Mkuluyo akukweza dzanja, Damitu anasendera ngati akuwakonzera nsalu ija paphewa, nkhonya yake ikulunjika kukamwa kwawo.

Galane anamugwira pamkono.

"Tambasula."

"Mlamu, ndisiye," Damitu ananong'ona. "Osati pano, chonde. Ukudzipweteka wekha."

Kwa Galane, mawu amenewo anali kuopseza, ndipo anangomuwonjezera mphamvu. Anakweza mawu kuti amveke mpaka kumsewu.

"Achimwene, tabwerani kuno mudzaone zimene mkazi wanu akudyetsa ababa. Mumati ndi nsanje. Bwerani nonse, mboni zichuluke."

Woyendetsa makina anazimitsa injini. Anthu anathamangira m'munda, akupondaponda tirigu, Bedaso ali patsogolo. Damitu anali mkazi wamphamvu, wozolowera kusenza matumba, koma Galane anali ndi ana awiri oti awatchinjirize. Anamutambasula zala chimodzichimodzi.

Padzanjapo panalibe muzu kapena ufa. Panali njere imodzi ya tirigu, youma bwino, yoswedwa kale pakati ndi dzino.

"Chaka chino chikanangodutsa, ukanakhalabe pakhomo," Damitu anatero, misozi ikulengeza.

Obbo Hirpa anatsegula pakamwa kuti akalipe, nsalu ija inagwa, ndipo aliyense anaona usinini wokhawokha. Bedaso anayang'ana mkamwa mwa bambo ake, anayang'ana mlongo wake, kenako anakweza mkono wake kuitana makina.