Khoswe wa kwa Nankhoma

Lamulo limati nyumba iliyonse yomwa mowa isunge khoswe m'kakhola kawaya, momwe muli timabotolo tiwiri: ka madzi ndi ka mowa. Khoswe akayamba kukonda mowa, alangizi azaumoyo amadziwa kuti pakhomopo palibe mtendere, ndipo banjalo saligulitsanso mowa.

Khoswe wa kwa Nankhoma anayamba kumwa nthawi yokolola. Anthu anati banja likugwedezeka. Nankhoma sanatsutsane nawo. Anangosamutsira kakholako pakhonde kuti azikaona akamatongola chimanga.

Posakhalitsa anazindikira chinthu. Khosweyo ankathamangira mowa pokhapokha alamu ake, a Binoni, akabwera kudzakalipira mng'ono wawo za malire a munda. Mng'ono wawoyo, a Yelemiya, mwamuna wa Nankhoma, ankangozyolika, ndipo akuluwo akachoka ankalowa m'nyumba kukasaka chipanda cha mowa.

Tsiku lina a Binoni atangoyamba kukalipira a Yelemiya, Nankhoma ananyamula kakholako n'kuwaikira patsogolo.

"Pitirizani alamu, koma muzimuyang'ana ameneyu."

A Binoni anakuwa ndithu, poti sanazolowere kudulidwa mawu. Khoswe anadziunjika pakona akunjenjemera, kenako anakakamira kabotolo ka mowa ndi timanja tonse tiwiri. Mawu a Binoni anayamba kutsika mpaka anatheratu.

"Ndiye mukuti ndikumuledzeretsa ndine?"

"Uyu ndi wa boma, alamu, akafa adzatipatsa wina," anatero Nankhoma. "Nanga mng'ono wanuyu tikamutenga kuti?"

A Binoni anayang'ana a Yelemiya kwa nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pamkeka n'kupempha madzi akumwa, makapu awiri.