Lachinayi la a Kamwendo

Chiletsereni petulo, banja lililonse ku Lizulu lili ndi tsiku lake pa tchaja ya magalimoto ya kampani yamagetsi. A Kamwendo lawo ndi Lachinayi.

Lachinayi limenelo, madengu a matimati opita ku Lilongwe akudikira pakhomo, a Kamwendo anali atangofika ndi galimoto yawo pa tchajapo pamene inatulukira galimoto yamaliro. Anavula chipewa n'kuipatsa malo. Itangochoka, tchaja inathima.

"Amisiri abwera Lolemba, bwana," anatero mlonda.

Batire itatha, anasiya galimoto yawo pomwepo n'kubwerera wapansi. Mkazi wawo, Nangozo, anatola thimati limodzi m'dengu, lofewa kale.

"Simunalakwe, bambo a Tadala. Maliro salimbirana nawo."

A Kamwendo maso anali pa goli lopachika pakhonde, la ng'ombe zomwe anagulitsa pogula galimotoyo.