Chipinda cha Madesiki Othyoka

Ndinabwera kusukulu kudzaphikira alendo, koma ndinapeza mwana wanga m'chipinda chosungiramo madesiki othyoka, pamodzi ndi anzake amene kuwerenga kumawavuta. Yunifomu imene ndinamusitira m'mawa inali fumbi lokhalokha.

"Ahedi ati tikhale muno, tisatsokomole n'komwe," anatero.

Ahediwo anatulukira atavala tayi. "Mayi, musakwiye. Alendowa amapereka malata ku sukulu zokhoza bwino zokha. Akamva awa akudodoma, kalasi ija ikhalabe yopanda denga."

"Njerwa za kalasi imeneyo tinaumba ndife makolo, ahedi."

"N'chifukwa chake muyenera kumvetsa."

Kuseri kwa khoma, ana anayamba kuwerenga mokweza ndime imene mwana wanga analimbana nayo sabata yonse, chala chili patsamba. Milomo yake inkatsatira mwakachetechete, osaphonya liwu.

Tinamva mlendo akufunsa, "Ana a kalasi ino ndi omwewa?"

"Onse ndi omwewa, bwana," anayankha aphunzitsi a mwana wanga.

Milomo ija inaima. Uko anayamba kuwomba m'manja, ndipo iye anandiyang'ana.

"Amayi, nafenso tiwombe?"