Katimba Kuseri kwa Chipatala

Namwino anachotsa bandeji kumaso kwa bamboyo. Mkazi wake anali pampando, manja ali pamiyendo. Chiyambire matendawa analira mpaka misozi kuuma, moti tsikuli mumtima mwake munalibe mantha, munalibenso chiyembekezo. Mwana wawo wamkazi anaima kumiyendo kwa bedi, atagwiritsa chitsulo ndi manja onse.

Namwino anati dokotala abwera akamaliza kuona odwala a chipinda china, ndipo anatuluka.

Bamboyo anaphethira kangapo. Moyo wake wonse ankaperekeza alendo oona mbalame m'nkhalango, mpaka pamene maso ake anayamba kuchita chifunga, kenako kuzimiratu. Anatembenukira kuzenera, kumene nthambi za mitengo zinkafika pafupi ndi khoma.

"Mwanawe, tapita pazenerapo. Mumtengo wakumanzerewo, chakumwamba."

Mtsikanayo anapita, koma anangoona masamba okhaokha. Bambo ake anamuuza kuti asafunefune chimbalame chachikulu. Kanali kambalame kakang'ono koti n'kukabisa m'chikhatho, ndipo sikakhazikika panthambi imodzi. Ayang'ane pamene tsamba likugwedezeka popanda mphepo.

"Ndakaona, ababa!"

Bamboyo anayamba kukafotokoza pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi alendo ake. Msana wobiriwira ngati tsamba lofota. Pakhosi pachikasu, kumimba kotuwa. Mlomo wowonda ngati singano. Pamwamba pa diso pali kamzere kowala, ngati munthu wakalemba ndi choko. Mtsikanayo ankangoti inde, inde.

"Taona, kazondoka posachedwa. Kamatola tizilombo kunsi kwa tsamba. Ndi katimba ka m'nkhalango kameneko, osati ka m'udzu."

Kambalameko kanazondokadi, n'kujompha kunsi kwa tsamba, kenako pululu, kanalowa m'kati mwa mtengo.

Mtsikanayo anagwada pambali pa bedi, akuseka uku akulira. Anali atapeza ntchito kutali, ntchito imene anaivutikira kusukulu, koma analumbira kuti sasiya bambo ake mumdima. Abwana akumeneko anali atanena kuti sabata ino akapanda kuyankha, malowo apereka kwa wina. Bamboyo anafufuza mutu wa mwanayo n'kuusisita, ndipo anamuuza kuti apite akawaimbire foni asanasinthe maganizo. Anawonjeza kuti iye si dzira loti anthu awiri azilifungatira.

Mtsikanayo anatuluka akuthamanga, foni ili kale kukhutu.

Mayiyo sanasunthe. Ankadikira kuti chimwemwe chimufike ngati mmene chinafikira mwana wake, koma sichinabwere. Anangoimirira, n'kuthira madzi m'kapu, n'kuima nayo patsogolo pa mwamuna wake. Bamboyo anapitiriza kuyang'ana kuzenera, manja ali pabulangeti.

"Amake mwana, muli pomwepa?"

"Ndili patsogolo panu."

Bamboyo anatembenukira kumene kunachokera mawuwo.

"Katimba kaja ndinangokamva kakulira kawiri namwino akumasula bandeji," anatero motsitsa mawu. "Enawo ndi maonekedwe ake a masiku onse. Ine kuno kudakali bii ngati dzulo."