Mwana Wopanda Anzake

Anti a Mabuku anayala mipando khumi ndi iwiri mozungulira tebulo lalikulu, monga anachitira dzulo ndi dzana. Pakati anaikapo mapepala, mapensulo amitundu, guluu ndi sizasi. Chikwangwani chimene analemba ndi dzanja lawo chinali chitayamba kumatuka pakhoma: "Achinyamata, tchuthi chino tiwerenge, tijambule, tilembe!"

Itakwana 2 koloko chitseko cha laibulale chinalira. Analowa munthu mmodzi, yemwe uja wa masiku onse.

Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wamtali, wa nsapato zafumbi. Sabata yoyamba kunabwera ana asanu ndi awiri. Atamva kuti makompyuta a muno si amasewera, anayamba kuthothoka mmodzimmodzi ngati nthenga za nkhuku yodwala. Anatsala uyu yekha.

"Mwaswera bwanji, Anti?"

"Ndaswera, mwanangu. Buku lija wamaliza?"

"Latsala pang'ono."

Anathimitsa foni yake, naiponya m'chikwama, nakhala pampando wa pafupi ndi zenera. Anti anamuyang'ana, nadzifunsa chamumtima. Mwana wa masiku ano kuthimitsa foni osaumirizidwa? Ndiye kuti palibe womuimbira.

Zizindikiro zinalipo zambiri. Atsikana anzake akamadutsa panja, mpira uli m'manja, phokoso lili pakamwa, iye ankaweramitsa mutu mpaka chipumi kugunda buku. Ankadikira adutse kaye ndi pomwe aweramuke. Anti ankawadziwa ana: pali amene amaseka, pali amene amasekedwa. Uyu anali wosekedwa.

Sankalankhula za iye mwini. Ukamufunsa za kusukulu, yankho linali "kuli bwino," basi. Koma mafunso ndiye anali nawo. Buku ili munaliwerenga muli ndi zaka zingati? Ntchito ino munayamba liti? Kunyumba mumakhala ndi ndani? Ndipo Anti, pofuna kuti mwanayo amasuke, ankayankha zonse. Anamuuza za malemu amuna awo, amene ankasoka mabuku ong'ambika ndi ulusi wa nsapato. Anamuuza za mwana wawo wamwamuna wogwira ntchito kutali, amene uthenga wake umabwera mwezi ukatha, mawu anayi okha. Anamuphunzitsa kupinda pepala kuti likhale kabuku. Mtsikanayo ankamvetsera, chala chili pa tsamba pomwe walekezera, mpaka nthawi yotseka.

Bwana wa laibulale anali atanena kale kawiri. "Mayi, pulogalamu ya mwana mmodzi si pulogalamu. Tsekani, mukapume. Masiku anu opuma angounjikana."

"Ndikatseka, mwana ameneyu apita kuti?" anayankha Anti. Bwanayo anangokweza mapewa.

Koma tchuthi chinali kutha, ndipo nkhawa inawagwira. Sukulu ikatsegulidwa, mwanayu adzabwerera pakati pa omuseka aja, popanda zenera lobisalapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwina n'kulekerera. Lachitatu analemba kalata, naimata bwinobwino, nampatsa kuti akapereke kwa mayi ake.

Lachisanu mayiyo anabwera. Anali telala, tepi yoyezera ikadali m'khosi, tiulusi titakakamira pa siketi. Anti anatuma mtsikanayo kuchipinda cha kumbuyo kuti akalongedze magazini akale, nakokera mlendoyo mpando.

Mawu anali atawakonza usiku ndi usana, koma anatuluka mopunthwapunthwa.

"Mayi, mundikhululukire polowerera za m'nyumba mwanu. Mwana wanuyu ndi wanzeru, waulemu. Masabata asanu sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Koma ine zikundidetsa nkhawa. Msinkhu umenewu munthu amafunika anzake. Uyu amabwera yekha, amapita yekha. Akaona atsikana anzake amabisala. Ndikuganiza kuti alipo amene akumuvutitsa. Kusungulumwa ndi matenda, mayi, ndipo mwana sanena. Amangofota chamkati."

Telalayo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anti anaganiza kuti akulira, nayamba kufunafuna kansalu m'chikwama. Koma ayi, kunali kuseka.

"Pepani, mayi, pepani ndithu, si inu ndikuseka. Mukunena wanga yemweyu? Amene wandithera udzu pabwalo ndi chigulu chake? Ameneyu ndi kaputeni wa timu ya mpira! Ikangokwana 2 koloko anzake amadzaza pakhomo panga, ena mpaka kulira kuti popanda iye akugonja. Amachita kuwazemba, kutulukira kuseri."

Kuchipinda cha kumbuyo kunkamveka magazini akugwa pamulu, imodzi ndi imodzi.

"Nanga... amadzatani kuno?" anafunsa Anti.

Telalayo analeka kuseka. Anayang'ana pansi, nayamba kupinda tepi yake pachala.

"Inenso ndinamufunsa," anatero motsitsa mawu. "Akuti, 'Amayi, ku laibulale kuli Anti ena ake, tsiku lonse alibe wolankhula naye. Ine ndikapanda kupita, akhala ndi ndani?'"