Wotseka Mzere

Paulendo wa ku mathithi a m'chigwembe, ine ndinkayenda kumapeto. Wotiperekeza anali ndi lamulo limodzi: womaliza kuwoloka mtsinje azifuula kuti, "Ndatseka!" Masiku onse a ulendowo wofuulayo ndinali ine, ndipo sindinalakwitsepo.

Tsiku lomwe tinafika, mdima utagwa, ine ndi alamu anga tinakatunga madzi kutsidya. Pobwerera iwo anatsogola ndi tochi, ine pambuyo, chigubu pamutu, ndikudumpha miyala ngati pakhomo panga.

"Ndatseka!"

Alamu anandiunika kumaso, kenako anaunika kuseri kwa phewa langa.

"Mwafulumira, alamu. Adikireni awo awoloke."

Ndinaseka. "Ati? Tabwera awiritu."

Mathithi anangoti zii. Kumbuyo kwanga, mwala wogwedera umene ndinali nditangoupondawo unati gwede.